Zala Zimene Makina Anakana

Abale, anansi, ndi inu nonse mwabwera kudzalira nafe, ine ndine mng'ono wa malemu. Ndiwerenga mbiri ya akulu anga, amene ambiri a inu munkawatchula kuti Amayi a Kochapira.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1959, oyamba m'banja la ana asanu, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Sukulu analekezera sitandade 7 bambo athu atamwalira, kuti ife ang'onoang'ono tipitirize. Mu 1980 anakwatiwa ndi alamu athu, akalipentala, amene anatsogola zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri m'chipinda chochapira pachipatala. Nsalu za odwala, zamagazi ndi zamafinya zomwe, zinkadutsa m'manja mwawo. Sopo ndi mankhwala oyeretsera zinawadya zala mpaka mizere yonse inafufutika. Iwo ankangoseka, amvekere, "Ndikanakhala wakuba, apolisi akanatopa nane." Kutchalitchi anali a kwaya, ndipo nsalu za paguwa sankalola wina kuzisita.

Atapuma pantchito anapezeka ndi matenda a shuga. Mu 2021, kolandirira mankhwala kunabwera makina ozindikira munthu ndi chala. Makinawo anawakana. Anayesa zala zonse khumi, kupukuta pamalaya, kuuzira mpweya, koma ayi ndithu. Kalaliki, amene ankawadziwa bwino lomwe, anati lamulo silikumulola kuwapatsa. Miyezi itatu anakhala opanda mankhwala, mpaka namwino wina anayamba kuwatengera mobisa. Chilonda cha kuphazi chinayamba nthawi imeneyo.

Tsiku lina anamva pawailesi kuti akuluakulu akufuna maganizo a anthu pa lamulo la makinawa. Anandiuza kuti tipite. Ine ndinakana, ndinati kumeneko n'kwa ophunzira. Anapita okha, akutsimphina ndi ndodo. Muholomo munadzaza anthu a mataye, ndipo wolandira alendo anawalozera kukhitchini poganiza kuti abwera kudzatsuka mbale. Iwo anamudutsa n'kukakhala pampando wakutsogolo. Nthawi ya mafunso itakwana anaimirira, n'kukweza manja onse awiri, nati: "Manja awa achapira odwala anu zaka makumi atatu. Lero makina akuti ine kulibe. Kodi musanagule munafunsa ndani?"

Kuchokera tsikulo anayenda khomo ndi khomo kufunafuna anzawo okanidwa: omanga nyumba, oswa miyala, okalamba, ngakhale bambo wina amene manja ake anapsa ndi moto. Anapeza anthu 214, mwana wawo wamkazi akulemba mayina. Anapita kumisonkhano isanu ndi umodzi kukapempha zinthu ziwiri: kuti munthu wokanidwa ndi makina azimuzindikira ndi chiphaso kapena mboni, ndiponso kuti m'komiti yoona za makinawa muzikhala anthu wamba. Kawiri konse anawakhazika pansi asanamalize, ati nthawi yatha. Ine ndinayamba kuwaperekeza pamsonkhano wachinayi, ndipo manyazi a masiku amene ndinawasiya okha ndikadali nawo.

Mu Januwale chaka chino chilonda chija chinakula, madokotala anawadula mwendo, ndipo kuyambira pamenepo thupi silinabwererenso. Sabata yatha, ali chigonere m'chipatala, kunafika kalata yonena kuti pempho loyamba lavomerezedwa, koma lachiwiri akuliganizirabe. Mwana wawo atawawerengera, iwo anati, "Ndiye kwatsala limodzi. Msonkhano wina uli liti?" Msonkhanowo uli Lachinayi likubwerali. Iwo anatisiya Lolemba m'mawa, dzuwa litangotuluka.

Malemu asiya ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi, ndi ife ang'ono awo awiri.

Akulu anga, Lachinayi tikaimirira ndife. Inu pumulani mu mtendere.