Ulendo Woonera Nsomba Unandiululira Chinsinsi

Ndine mphunzitsi pa Boma la Mzimba. Titakwanitsa zaka khumi m'banja, amuna anga ananditengera ku hotela ya kunyanja, yolipiriratu zonse, chakudya ndi zosambirira zomwe. Ine ndinali ndisanafikeko.

M'mawa, bambo wophunzitsa alendo kusambira anatibweretsera magalasi oonera nsomba pansi pa madzi. Anapatsa moni amuna anga, nati, "Achimwene, mwabweranso? Nanga mayiwa, mantha a mwezi watha aja anatha?"

Atandiyang'anitsitsa, bamboyo anazindikira kuti sindine mayi amene ankanenayo. Mwezi umenewo amuna anga anandiuza kuti ali ku Jenda kogula chimanga.

Ndinalowabe m'madzimo, chifukwa m'menemo palibe akanaona kuti ndikulira. Tinabwerera kwathu osalankhulana. Mpaka lero sanapepese, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa kuti mkaziyo ndani.