Wosambitsa Maliro Anandisambitsa Ndili Moyo

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, inu a mpingo wathu wa kunyanja kuno, ndi inunso a kwathu ku Chitala amene munandiika kale m'gulu la oyembekezera bokosi. Ndine Yotamu, amene ambiri mumangonditchula kuti a Sajeni. Ndikulemba izi mtima ukudumphadumpha, chifukwa mwendo umene unayenera kudulidwa ndi womwewu ndaupinda pansi pa tebulo pano! Tamvani zimene Mulungu wandichitira, makamaka munthu amene anamutuma, poti ine ndemwe ndikaganiza ndimaseka mpaka misozi.

Ndili mnyamata ndidatengedwa kupita ku nkhondo yaikulu ya azungu ija, ndipo ndidakafika mpaka ku Bama, dziko la nkhalango zowirira. Kumeneko bomba lidaphulika pafupi nane, chidutswa chake n'kundilowa kumbuyo kwa ntchafu, m'mwamba penipeni pafupi ndi pokhalira. Madokotala a asilikali adachotsa zimene adaziona, koma chilondacho sichidavomere kupoleratu. Chinkatseka, n'kukhala chete zaka zingapo, kenaka n'kutumbukanso. Amene ankachisamalira nthawi yonseyo anali mkazi wanga Naphiri, ndipo panalibe wina wodziwa. Kunja ndinali Sajeni woyenda chowongoka, wa mamendulo pachifuwa, wosafuna kuyankhidwa. Za kunkhondo sindinkakamba, ngakhale kwa Naphiri yemweyo. Munthu akandifunsa ndinkangomuyang'ana mpaka yekha asinthe nkhani.

Naphiri anatisiya chaka chomwe tinavotera kuti dziko likhale la zipani zambiri. Mwana wanga Esinati, amene ndi mphunzitsi, anabwera kudzanditenga ku Chitala kuti ndizikhala naye pasukulu imene anamutumiza kunyanja kuno. Mukukumbukira mmene zinalili masiku amenewo. Pakamwa pa anthu panatseguka, zimene kale tinkanong'ona zinayamba kukambidwa pamsika ndi pamalole, aliyense wasanduka katswiri wa ndale. Sukulu itakhala yaulere ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, moti Esinati ankabwera kunyumba mawu atasasa. Dziko lonse linkayankhula, ine ndekha ndili duu pakhonde. Mvula yoyamba itagwa, chilonda chija chinatumbuka kuposa kale lonse.

Esinati ataona kuti ndikukoka mwendo ananditengera kuchipatala chaching'ono, ndili pakaliyala ya njinga. Adokotala anali mwana wamng'ono koma wosapsatira mawu. Anandipatsa mapilitsi ndi mabandeji, n'kunena kuti chilondacho chizitsukidwa m'mawa uliwonse ndi madzi owiritsa othira mchere. Anati zikalephereka anditumiza kuchipatala chachikulu kuti akaudule mwendowo usanandiphe. Kubwerera kwa iwo tsiku ndi tsiku kunali kosatheka, chifukwa ndi kutali ndipo msewu unali matope okhaokha.

Apa ndiye panagona nkhani. Pamene pali chilondapo sindingapaone, ndipo msana wokalambawu sulola kuti dzanja lipafike bwino. Mwana wamkazi sangaone ntchafu za bambo ake, zimenezo mukuzidziwa. Nanga mkamwini, mwamuna wa Esinati? Munthu amene sitidyera mbale imodzi, amene akandiona panjira amapatuka mwaulemu, ndimuvulire buluku? Ndinati bola mwendowo upite. Choncho ndinkatenga beseni, kutseka chitseko, kuthira madzi pongoganizira, n'kutuluka ndikuuza Esinati kuti zonse zili bwino.

Sizinali bwino ayi. Fungo linayamba, ntchentche n'kumanditsatira. Lamulungu lina kutchalitchi ndinaona anzanga a pabenchi akusuntha pang'onopang'ono, ndipo kuyambira tsikulo sindinapitekonso. Akuluampingo anabwera kudzandiona, anaimba, anapemphera, ndipo atafunsa chimene chikundivuta ndinati ndi nyamakazi chabe. Atachoka ndinagona pamkeka thupi likutentha, mtima uli wowawa kwambiri. Ndinapemphera, koma kunena zoona linali pemphero la Sajeni, lolamula. Ndinati: "Ambuye, anzanga mudawatenga ku Bama ali anyamata, ine mudandisiyiranji? Kuti ndidzawole pamaso pa mwana wanga? Tumizani munthu, apo ayi nditengeni ndi miyendo yanga yonse iwiri!"

M'mawa mwake munthuyo anabweradi, ketulo ili m'manja, nsalu yoyera ili paphewa. Anali Che Amidu, nkhalamba inzanga ya Chisilamu imene inkasoka maukonde pansi pa mtondo kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Iwo ndi msodzi wa kuchilumba cha Mbenji, koma nyengo ya mvula chilumbacho chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndiye anali kumtunda kuno. Kupatula usodziwo, dera lonse limawadziwa ndi ntchito ina: ndiwo amasambitsa maliro a amuna kumzikiti. Anaodira, anakhala pansi, n'kunena mosazungulira kuti: "A Sajeni, fungo ili ine ndimalidziwa. Muli ndi chilonda pamalo pamene mwana wanu sangafike. Ndabwera kuti ndizikutsukani."

Abale anga, moto umene unandiyakira! Ine ndapempha Mulungu munthu, Iye n'kunditumizira wosambitsa mitembo? Ndinagwira ndodo ndikukuwa kuti: "Chokani pano! Sindinafe ine! Mwayamba kundiyeza nsalu ndili moyo?" Che Amidu sanakwiye. Anadzuka, anatola ketulo yawo, nati: "Akufa satukwana, akulu, ndiye kwa ine izi n'zatsopano ndipo zandisangalatsa. Mukandifuna ndili pamtondo paja."

Madzulo ake Esinati anagwada pakhomo la chipinda changa, nkhope atayang'ana kumbali. Anali atamva zonse kwa anthu. Analira, n'kunena kuti: "Ababa, amayi ndaika m'manda, inunso mufuna ndikuikeni chifukwa cha manyazi? Mawa ndikutsukani ndekha. Anthu anene zimene anganene." Mawu amenewo anandilasa kuposa bomba lija. Mwana wanga anali wokonzeka kuswa mwambo n'kusenza chitonzo moyo wake wonse, pofuna kuteteza ulemu wa nkhalamba yonunkha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutacha, Esinati asanawiritse madzi, ndinatenga ndodo n'kukwawira kumtondo kuja. Panali asodzi ambiri akusoka maukonde, ndipo onse anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Ndinavula chipewa, ine Sajeni, n'kunena pamaso pa onsewo kuti: "Che Amidu, ndinalakwa. Chonde kandisambitseni."

Tsopano tamvani mmene munthu wa Mulunguyu anagwirira ntchito yake. Ine ndinkaopa kuvulidwa ngati mwana. Iwo anandigoneka chafufumimba, n'kundifunditsa nsalu yoyera ija kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, monga amachitira ndi omwalira, chifukwa kwawoko ngakhale mtembo suonetsedwa umaliseche. Zovala anazichotsera pansi pa nsaluyo. Kenaka anang'amba kachiboo kolingana ndi chilondacho, moti chimene ankaona ndi chilonda chokhacho basi. Anakulunga kansalu kudzanja, anati "Bismillah," n'kuyamba kuthira madzi ofunda pang'onopang'ono. Manja a msodzi okhakhala aja anali ofewa modabwitsa. Nditawafunsa, anati anaphunzitsidwa kugwira womwalira ngati akumva kuwawa. Ulemu umene ndinkaopa kuutaya unasungidwa ndi munthu amene ndinamuthamangitsa ndi ndodo.

Anabwera m'mawa uliwonse akachoka kokaswali kumzikiti, mvula igwe, isagwe. Tsiku lina ndili chigonere ndinawafunsa chimene ankavutikira ndi Mkhristu wamwano ngati ine. Anandiuza kuti mkulu wawo, Saidi, adapitanso ku nkhondo yomweyo ndipo sadabwerere. Kumudzi kudangofika uthenga. Mayi awo adakalamba mpaka kumwalira akufunsa funso limodzi: kodi mwana wanga adamusambitsa ndani? N'chifukwa chake iwo adaphunzira ntchito yosambitsa maliro, ndipo ataona msilikali wa ku Bama akuwola pakhonde, mtima sunawalole kungokhala.

Pamenepo, kwa nthawi yoyamba, ndinayamba kukamba za kunkhondo. Ndinawauza kuti Saidi sindidamudziwe, sindinganame, koma ndinene zimene ndidaona ndi maso anga. Paphiri lina madzi adatisowa kwambiri, aliyense atatsala ndi ochepa m'botolo. Msilamu mnzathu ataphedwa, anzake adayendetsa chipewa chachitsulo, aliyense n'kumathiramo pang'ono madzi ake akumwa. Chidafika kwa ife Akhristu, nafenso tidathira, milomo ili yong'ambika ndi ludzu. Adamusambitsa ndi madzi amenewo, adamukulunga m'bulangete lake, n'kumugoneka moyang'ana kumene Asilamu amayang'ana popemphera, zipolopolo zikulira pamwamba pathu. Ndinati: "Che Amidu, anyamata aja sankasiya mnzawo pokhapokha zitakanikiratu. Ngati mkulu wanu adali pakati pa anthu otere, adasambitsidwa."

Madzi anasiya kuthiridwa. Ndinamva nkhalamba ija ikusisima kumbuyo kwanga, ikuthokoza Mulungu mobwerezabwereza kuti, "Alhamdulillah, Alhamdulillah." Nanenso ndinalira, nkhope ili pamkeka, kulira kumene sindidalire ku Bama, kumene sindinalire ngakhale pamaliro a Naphiri. Tangoganizani nkhalamba ziwiri, ina ili chafufumimba pansi pa nsalu ya maliro, ina ketulo m'manja, zonse zikulira ngati ana! Kuyambira tsikulo pakamwa panga panatseguka. M'mawa uliwonse iwo akutsuka, ine ndinkatchula mayina a anzanga amene adatsala kumeneko, mmene ankasekera, nyimbo zimene ankakonda, ndi mmene adafera. Ndinadabwa kuona kuti ndikawatchula mtima ukupepuka, ndipo ukali umene ndinkayenda nawo unayamba kuzilala.

Chakumapeto kwa mvula, Che Amidu akufinya mafinya anangoti, "Tadikirani, akulu, musagwedezeke." Ndinamva kuwawa kobaya, kenaka kanthu kanalira m'beseni kuti ngwee! Anandionetsa pachikhatho: kachitsulo kakuda, kochepa ngati njere ya nyemba. Abale, kameneka ndi kamene kanandizunza kuyambira unyamata wanga! Ndinafuula kuti "Aleluya!" iwo akufuula "Allahu Akbar!" mpaka Esinati anathamanga kuchokera pansi pa mtengo pomwe ankaphunzitsa, akuganiza kuti ndamwalira. Anangoima panja n'kumafunsa, ndipo atamva anayamba kululutira ana asukulu akuonerera.

Kuchokera pamenepo chilonda chinayamba kuuma mooneka. Titabwerera kuchipatala, adokotala aja anayang'ana, anadinadina, n'kunena kuti mwendowu supita kulikonse. Anafunsa kuti namwino wake ndani, ine n'kuyankha monyadira kuti ndi wosambitsa maliro wa kumzikiti. Anaseka mpaka kugwira khoma. Zoonadi, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Nthawi yotsegula Mbenji itakwana, ndinayenda ndi miyendo yanga mpaka kudooko kukaperekeza Che Amidu. Ndinawapatsa kachitsulo kaja kuti akakaponye pakati pa nyanja, poti ine ndakasunga mokwanira. Ndinafuna kuwapatsanso mendulo imodzi koma anakana, nati ine ndinawalipira kale ndi yankho la funso la mayi awo. Akukwera bwato anatembenuka n'kunena kuti: "A Sajeni, inu ndinu Mkhristu, mukadzafa sadzandiitana. Ndiye ndathana nanu muli moyo." Ndinawayankha kuti asafulumire, chifukwa ndikadalipo ndithu. Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi, ndinagwada ndi mawondo onse awiri, ndipo pabenchi palibe anasuntha.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano n'kuliyankha mwachifundo. Ndikuthokoza Esinati mwana wanga, ndi m'bale wanga Che Amidu amene pano ali pachilumba. Inu amene mukubisa chilonda, kaya cha pathupi kaya cha mumtima, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera. Koma mukamva kuodira pakhomo, musathamangire ndodo monga ndinachitira ine, chifukwa Mulungu safunsa maganizo athu posankha womutuma. Ine anandisambitsa ndi manja osambitsa akufa, ndipo ndinadzuka pamkeka paja ndili wamoyo kuposa kale. Ulemerero ukhale kwa Iye. Ameni!