Bowo la pa Kapeti ya Che Hamadi

Kutangotsala masiku awiri kuti a kuchimuna abwere kudzafunsira mwana wawo Fauziya, Che Hamadi a ku Nkaya anali ndi bowo lakuda pakati pa kapeti yawo yofiira, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Popeza chaka chonse ankadzitama pamsika kuti katundu wa m'nyumba mwawo ali pa inshuwalansi, anaimba foni kukampani, ndipo Lachinayi m'mawa kunatulukira kalaliki wa tayi, dzina lake Blasius, atakwera njinga yamoto kuchokera ku Balaka.

"Lowani achimwene, koma nsapato pakhomo," anatero Che Hamadi.

Blasius anavula nsapato, nalowa, n'kusolola cholembera m'thumba. "Katundu wowonongekayo ali kuti, bambo?"

"Mwamupondayo."

Blasius anayang'ana kumapazi. "Ndiye kuti kapeti."

"Iyayi, ndi ng'ombe."

"Pepani bambo, ziweto mulibe m'pangano lanu."

"Ndi kapeti, munthu iwe! Walahi!"

"Ka-pe-ti," anatero Blasius akulemba. Kenako anagwada n'kuyeza bowolo ndi tepi. "Chinaiwononga n'chiyani?"

Funso limeneli Che Hamadi anali atalikonzekera. Zimene zinachitika ankazidziwa bwinobwino, koma sizinali zoti munthu wa ndevu zake, wokhala mzere wakutsogolo kumzikiti, n'kuuza mlendo.

"Makoswe."

"Ma-ko-swe. Pepani bambo. Makoswe, chiswe, njenjete ndi mphemvu, kampani siilipira."

"Chifukwa?"

"Amati zimenezo mumakhala nazo."

"Ndimakhala nazo? Ndinazikwatira?"

Blasius anatembenuza pepala, n'kuyang'ananso kuseri. "Funso limenelo palibe, bambo."

Che Hamadi anakonza chisoti chawo. "Lilime linaterereka. Ndimafuna kunena mbuzi. Fufutani makoswewo."

"Sitiloledwa kufufuta. Timangowonjezera m'munsi. Mbu-zi. Mbuziyo ndi yanu?"

"Nanga ikhala ya ndani?"

"Ikakhala yanu, kampani siilipira. Amati mukanaimangirira."

"Aaa! Ndanena kuti yanga? Ine mbuzi ndilibe. Ndi ya aneba."

"Zikatero timalipira," anatero Blasius.

"Alhamdulillah!"

"Tikalipira, timapita kwa mwini mbuzi kuti atibwezere. Akakana, kukhoti. Dzina lawo?"

Che Hamadi anasuzumira pawindo. M'dera lonselo, kuyambira kunjanji mpaka kuchigayo, munthu woweta mbuzi anali mmodzi yekha: Che Nasiru, bambo ake a mnyamata yemwe akudzafunsira Fauziyayo. M'maganizo mwawo anaona samani ikufika kwa Che Nasiru Lachisanu, Loweruka mipando ili mbee, mpunga ukuzizira m'mapoto, mwana akulira kuchipinda.

"Mbuziyo ilibe mwini."

"Ilibe mwini?"

"Imangoyendayenda. Yamasiye."

"Ikakhala yopanda mwini, timaiwerengera ngati nyama yakutchire. Pakufunika kalata yochokera kwa a zanyama ku Liwonde."

"Kalata ya mbuzi?"

"Yotsimikizira kuti inathawa kunkhalango."

"Achimwene, kodi kusukulu munalekezera pati?"

"Ndili ndi dipuloma, bambo. Zikomo pofunsa."

Blasius anaweramanso, mphuno pafupi ndi bowo, n'kununkhiza. Anadzuka nkhope ili ndwii, ngati munthu amene wapeza chinthu chomuvuta kumvetsa.

"Bambo, pakununkha kupsa. M'mphepetemu mwachita makala. Kodi mbuziyo inalowa ndi moto?"

"Mbuzi ndi moto zikugwirizana pati?"

"Ndi zimenenso ndikufunsa ine."

Che Hamadi anaona kuti khomo lina latseguka. "Imani kaye. Moto mumalipira?"

"Moto timalipira."

"Ndiye ndi moto! Bwanji osanena kale?"

"Simunandifunse. Mo-to. Anauyatsa ndani?"

"Palibe."

"Unayaka wokha?"

"Mphenzi."

Blasius anakweza maso kudenga. Malata anali athunthu, opanda ngakhale kabowo ka msomali. Anasuzumira panja: dzuwa la Seputembala linali phwee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe.

"Inalowera pati mphenziyo?"

"Pakhomo."

"Chitseko chinali chotsekula?"

"Iyayi, inaodira kaye, ine n'kuiuza kuti lowani."

"I-na-o-di-ra..."

"Musalembe zimenezo!"

"Ndalemba kale, bambo. Ndiwonjezere kuti munasintha maganizo italowa kale?"

Che Hamadi anadzigwetsa pampando n'kugwira mutu. "Astaghfirullah. Mwana iwe, tamvera. Ife timakhulupirira kuti chilichonse chogwera munthu chinalembedwa kale. Kapetiyi inalembedwa kuti idzapsa. Inuyo ntchito yanu n'kulipira basi."

Maso a Blasius anawala. "Zinalembedwa? Zikatero zaphweka. Mundipatse pepalalo ndikapange fotokope."

"Linalembedwa kumwamba!"

"Kulikulu ku Blantyre?"

"Kwa Mulungu!"

"Ooh." Blasius anatsegula tsamba lina. "Zochita Mulungu zili ndi ndime yakeyake. Zambiri sitilipira."

"Nanga pansi pano chilipo chosachita Mulungu?"

"Funso limenelo amayankha ndi abwana."

"Ndiye chaka chonse ndimakupatsani ndalama kuti muzindiuza kuti ndipirire? Zimenezo Shehe amandiuza ulere Lachisanu lililonse!"

Blasius anakhosomola pang'ono, n'kuimirira chilili ngati mwana wa sukulu wonena ndakatulo. "Lamulo limati ndikuwerengereni musanasaine. Mwini nyumba akuti kapeti, imene poyamba anati ndi ng'ombe, inadyedwa ndi makoswe. Kenako makoswewo anali mbuzi yake, ya aneba, komanso yamasiye. Pambuyo pake kunabwera mphenzi, imene inaodira, mwini nyumba n'kuilola kulowa. Sainani apa."

"Ndani angakhulupirire zamisala zimenezo?"

"Palibe, bambo. N'chifukwa chake lipoti lotere limapita ku ofesi yofufuza zachinyengo. Amabwera ndi apolisi kudzafunsa aneba onse."

"Aneba onse?"

"Kuyambira amene ali ndi mbuzi."

Kukhitchini, kumene kunali phokoso la mbale, kunangoti zii. Kenako kunamveka mawu a Abiti Zaina, akazi awo a Che Hamadi: "Bambo a Fauziya, tangowauzani alendowo za simbi ija!"

Che Hamadi anatseka maso. Anadzuka, n'kukatseka chitseko, n'kukoka katani, n'kubwerera kudzanong'oneza Blasius kukhutu.

"Ndimasita."

"Mumati chiyani, bambo?"

"Ndi-ma-si-ta."

"MUMASITA?"

"Tsitsani mawu! Mayi akunyumba dzanja likuwavuta. Ndinati ndiwasitire diresi la Loweruka. Tebulo linali ndi katundu, ndiye ndinayala pansi pompa. Foni inalira, munthu wa nandolo wa ku Phalula. Ndinaika simbi yamakala pakapeti n'kutuluka panja kusaka netiweki. Pobwera, utsi."

"Diresi la mtundu wanji?"

"Zikukukhudzani?"

"Iyayi, ndangofunsa. Ndiye kuti munaiwala simbi yamoto pakapeti, mosafuna."

"Ndinu munthu wakunja woyamba kumva zimenezi. Zikamveka pamsika, ndikudziwa kokupezani."

"Bambo, imeneyo ndi ngozi yapakhomo. Pangano lanu limalipira."

Che Hamadi anayasama. "Limalipira?"

"Yonse. Kapeti yatsopano."

"Popanda kalata ya ku Liwonde?"

"Popanda."

"Popanda apolisi?"

"Ndingowonjezera m'munsi kuti zapamwambazo munanena chifukwa cha manyazi."

"Lembani, mwana wanga, lembani! Amayi, wiritsani tiyi! Wamkaka! Munthu uyu ndi wophunzira, ndinamuona akungolowa!"

Blasius anamaliza kulemba, Che Hamadi n'kusaina dzina lonse, mpaka la agogo awo. Kalaliki uja anabweza cholembera m'thumba, anapinda manja a malaya, n'kukankhira mpando kukhoma. Kenako anagwada pakona n'kuyamba kukulunga kapeti.

"Mukutani?"

"Ndikuitenga."

"Kupita nayo kuti?"

"Ku ofesi. Kampani ikavomera kulipira, chowonongekacho chimakhala cha kampani. Mwasaina pompa."

"Chabwino, chabwino. Yatsopanoyo mubwera nayo mawa?"

"Lipoti lipite ku Balaka, a ku Balaka alitumize ku Blantyre, a ku Blantyre akhale pansi. Mwezi wamawa. Abwana akakhala kumaliro kapena kusemina, winawo."

Kapeti inkakulungika, ndipo pansi pake pankatuluka zimene inakhala ikubisa zaka zonsezi: simenti yong'ambika ngati dambo la m'chilimwe, maenje odzaza fumbi, ndi chigamba cha dothi pamene thumba la simenti linathera nyumba isanathe. M'maganizo mwawo Che Hamadi anaona Che Nasiru atavula nsapato pakhomo, akuponda pamenepo ndi masokosi oyera, akuyang'anizana ndi abale awo mosalankhula.

Analumpha n'kukhala pakapetipo ndi thupi lonse.

"Siyani!"

"Bambo, mwakhalira katundu wa kampani."

"Alendo akubwera mkuja!"

"Alendo mulibe m'pangano lanu."

"Bwerani mudzaitenge Lolemba."

"Lamulo limati tsiku losaina. Mwina ingawonongeke."

"Inawonongeka kale!"

"Ndi chifukwa chake ndikuitenga."

Blasius anakoka uku, Che Hamadi n'kukoka uko. Chisoti chinagwa, tayi inatembenukira kumsana. Abiti Zaina anafika ndi thireyi ya tiyi, anayang'ana amuna awiri akulimbirana pansi, n'kubwerera nayo kukhitchini.

"Tandiuzani," anatero Che Hamadi akupuma wefuwefu, "ndi kapeti yotani imene simutenga?"

"Yosawonongeka, bambo."

"Ndiye mukuvutikiranji? Iyi ndi yosawonongeka."

Blasius anasiya kukoka. Analoza pakati pa kapeti ndi chala. "Nanga bowolo?"

Che Hamadi anatola chisoti chawo, anachikung'untha, n'kuchivala mwaulemu. Anayang'ana pamene ankalozapo ngati akupaona koyamba.

"Bowo? Achimwene, zinthu za kunja simuzidziwa. Limenelo ndi duwa. Ku Joni amaziluka choncho."