Wachipewa Choyera Ankadyera Dzanja Liti?

Basi ya ku Limbe itachedwa pa siteji ya Namitambo, a Zuwena anatula dengu la matimati pafupi ndi bambo wina wa kolona m'khosi, amene ankadandaula kuti mavidiyo abwerawa ndi zibakera zokhazokha.

"Kanema anali wa ku mishoni, mayi, wa pansalu uja," anatero bamboyo. "Mnyamata wachipewa choyera, pa hatchi! Akangotulukira, achifwamba onse kuti zii."

"Iii, mukumudziwa! Ife tinkamuonera kuseri kwa nsalu. Malemu bambo anga anali Msilamu wolimba, pabwalo la tchalitchi sankapondapo. Koma ankatitenga tonse, mkeka kumutu, n'kukatiyalira pansi pa mtengo, kunja kwa bwalolo. Zithunzi zinkaoneka bwinobwino."

"Ndiye ankamukonda?"

"Koopsa! Ankati, 'Ana inu, mwamuna ndi ameneyu, salanda cha mkazi wamasiye.' Chinkawapweteka n'chimodzi: munthu waulemu chotere kudyera dzanja lamanzere. Akayamba kudya, ankachita kutitseka m'maso."

"Lamanzere? Ayi mayi, ankadyera lamanja. Ine ndinkakhala kutsogolo kwenikweni."

"Ndinkaona ndi maso angawa!"

"Munkaonera kuseri. Kumeneko zonse zimatembenuka, ngati pagalasi."

A Zuwena anayang'ana dzanja ili, anayang'ana linalo, n'kuseka mpaka misozi.

"Kalanga ine! Bambo anapita kumanda akumupemphererabe kuti asinthe, chonsecho mwana wa eni ake sanalakwe!"

"Musadandaule, mayi. Pemphero lawolo linkagwira ntchito. Pofika mbali yathu anali atasintha kale."