Dengu lofiira la ku Limbe

Aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, koma dzina langa musalitchule.

M'zaka za chipani chimodzi ndinkagwira ntchito pa kafakitale ka zakumwa za malalanje ku Limbe. Ntchito yanga inali kununkhiza mabotolo obwerera akatha kutsukidwa, chifukwa anthu ankasungiramo palafini, ena mankhwala a nsikidzi. Botolo lonunkha ndinkaliponya m'dengu lofiira.

Tsiku lina bwana wathu, atabwerako kumaphunziro, analengeza kuti fakitale yabwino imadziwika ndi dengu lofiira lopanda kanthu. Kapitawo anandiitanira pambali nati, "Mayi, mphuno yanuyi ikutichititsa manyazi. Dengulo lisamadzaze." Nditayankha kuti chonunkha n'chonunkha basi, anati ndilibe mwambo, ndipo masiku amenewo mawu oterewa ankatha kumusowetsa munthu. Ndinatseka pakamwa, ndinatsekanso mphuno. Mwezi utatha, bwana anauza anzanga onse kuti andiombere m'manja.

Kenaka pa ukwati wa mng'ono wanga ku Chilobwe, amayi anga anamwa chakumwa chathucho n'kuyamba kusanza pamaso pa asewere awo. Ndinatola botololo, ndipo linkanunkha palafini. Linali litadutsa m'manja mwangamu. Anthu ankanong'onezana kuti gogoyo wadya mosusuka, ine ndikupukuta masanzi.

Mpaka lero fungo la malalanje limandichititsa nseru. Inu eni mafakitale, mukapeza dengu lopanda kanthu musafulumire kuomba m'manja. Yambani mwafunsa kuti zonyansazo zalowa m'mimba mwa yani.