Wotchi inachedwabe ine ndili kunyumba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine uja ananditcha wonyoza chipembedzo cha anzanga, ntchito n'kutsala pang'ono kundithera, chifukwa cha wotchi ya m'kompyuta. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndimasamala makina pa kawailesi kena kuno ku Mangochi. Tili ndi kompyuta yaikulu imodzi, ndipo m'kati mwake muli makompyuta ena ongoyerekeza, ngati alendi m'nyumba ya lendi. Mlendi alibe wotchi yakeyake, amawerenga nthawi pomva mwini nyumba akugogoda. Mwini nyumba akatanganidwa amaphonya kugogoda kwina, basi wotchi ya mlendi n'kutsalira. Mmodzi mwa alendiwo ndi amene amaulutsa azana, kuitana Asilamu kokapemphera.

Kenelo, yomwe ndi mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta, inkalira tsiku ndi tsiku. Mizere ya chenjezo inkadzaza sikirini, yonse kunena chinthu chimodzi, kuti kugogoda kukuphonyeka. Ndinachenjeza abwana, n'kuwapempha pasiwedi ya kompyuta yaikuluyo kuti ndikonze vutolo. Iwo anati, “A Mbewe, ingozimitsani phokosolo, likuopseza aulutsi. Makinawa anaika ndi akatswiri a ku Blantyre, musawagwire.” Koma abale, mwana akamalira mumamutseka pakamwa osaona chamuluma?

Mwezi wa Ramazani utafika, maulaliki ojambula anachuluka, makina n'kulemedwa. Azana ya m'bandakucha inayamba kutuluka mochedwa. Asodzi a m'maboti ndi anthu okhala kutali ndi mzikiti ankadyabe nthawi yoyamba kusala itadutsa kale. Anakwiya, ndipo sindiwadzudzula. Chimene chinandipweteka ndi abwana. Pamaso pa komiti ya wailesi anangoti, “Wogwira makina ndi mmodzi, ndipo ndi wa Angilikani.” Aa! Munthu amene ndinamuchenjeza ndi pakamwa pangapa! Anandiuza ndikakhale kunyumba mpaka kalata yondichotsa ituluke.

Nkhani inathamanga mpaka kumsika. Mkazi wanga ankabwerera ndi beseni la masamusa lodzaza momwe wapitira. Mayi wina amene tinkabwerekana mchere anamulavulira pafupi ndi phazi. Ine ndabadwira pakati pa Asilamu, amalume anga enieni ndi Msilamu, lero ndikhale mdani wa swaumu, kusala kudya kwawo?

Pemphero langa silinali lokoma ayi. Ndinagwada n'kunena kuti, “Ambuye, wotchi ija ichedwe ndithu, ichedwe ine kulibe.”

Tsiku lina masana kabaza inaima pakhomo. Anatsika a Shehe a mzikiti waukulu, amene ndinkaganiza kuti ndiwo akufuna mutu wanga. Iwo anati, “A Mbewe, masiku onsewa muli pakhomo pano. Abwana anu akumakonza wotchi ndi manja m'mawa uliwonse, koma ikuchedwabe. Ndiye mumaichedwetsa muli pampando uwu? Valani nsapato tizipita.”

Ku wailesi a Shehe anakhala pa benchi, nati sachoka mpaka pasiwedi ipezeke. Abwana anaimba foni ku Blantyre thukuta lili kamukamu. Nditalowa m'makinamo, ndinasintha kuti mlendi uja asiye kuwerenga kugogoda, aziona nthawi pa wotchi ya mwini nyumba mwachindunji. Ndinamupatulira mphamvu zakezake kuti anzake asamamupanikize. Chenjezo lija sindinalizimitse, ndinangolichepetsa kuti lizinena kamodzi pakanthawi, osati kubwebweta. M'mawa mwake azana ya pa wailesi inatuluka limodzi ndi ya kumzikiti.

Abwana kupepesa? Mpaka lero ayi. Anauza komiti kuti “takonza,” ngati anagwirako waya ndi umodzi womwe. Amene anayeretsa dzina langa ndi a Shehe, pa Lachisanu, pamaso pa anthu awo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, natuma mpulumutsi kuchokera kumene sindinkayang'anako. Inu amene mwanamiziridwa, musasiye kugwada, ngakhale mawu akutuluka owawa. Ntchito ndili nayo, ndipo masamusa akutha. Mayi uja anabweranso kudzagula, mkazi wanga n'kumuonjezera imodzi ya basela. Ine pamenepo sindinafikebe, abale, mundipempherere.