Davide ndi Goliati a m'kabuku ka ana

Pa siteji ya minibasi ku Kawale, Mayi Dailesi anatsegula kabuku ka zithunzi komwe anagulira mwana wawo, n'kugwira pakamwa. Bambo wina amene anaima pafupi anasuzumira.

"Kwagwanji, mayi?"

"Taonani, bambo! Akuti Davide sanaphe Goliati. Anangopepesana, n'kukhala mabwenzi!"

"Aa! Baibulo lake liti limenelo?"

"Wogulitsa anati olemba anachotsamo za magazi kuti ana asamachite mantha."

"Ana ake ati? Athu omwewa, olimbirana kugwira nkhuku ikamaphedwa? Nanga miyala ya Davide ija?"

"Nayi pa tsamba lomaliza. Akusewera nayo phada ndi Goliatiyo."

"Ambuye tichitireni chifundo! Tsekani msanga, mayi, tisanapeze Mose akuphunzitsa Farao kusambira."